Kanema wa maliro amene ankakula

Mpaka lero ku Chileka akandiona amathamangira beseni, ndiye bola ndiulule ndekha.

Atsibweni anga atamwalira tinakawaika kwathu ku Chileka. Mwambo mukuudziwa: pochokera kumanda aliyense amasamba m'manja pasiwa, kuti zakumanda zitsale komweko. Ine sindinasambe. Mzere unali wautali, wakabaza akundidikira, mbuzi zanga ku Lirangwe zili pachingwe chiyambire m'mawa. Ndinangolambalala beseni (Mulungu andikhululukire, ndinanamizira kuyankha foni).

Alamu anga, amene amajambula maukwati, anajambulanso malirowo. Anaika kanemayo pa intaneti n'kutitumizira linki abale tonse. Koma netiweki yakwathu! Ndikati ndidawunilode, yaduka, kuyambiranso poyamba, bandulo n'kumangopsa. Ndinapita kwa mayi wina wochajitsa mafoni pa Lirangwe.

"Achimwene, kodi mumakhuthula thumba kuti muwonjezere chimanga?" anatero, akundiikira kenakake m'foni. "Aka kaziyang'ana pomwe munalekezera, n'kumangotenga chimene chawonjezereka."

Kanagwiradi ntchito. Foni inati yamaliza. Ndinaonera: nyimbo, ulaliki, bokosi kutsika. Kanema n'kuthera pamtumbira.

M'mawa mwake ndikumasula mbuzi, foni tii! Ikudawunilodanso. Ndinati aa, chinthu chomaliza chimamalizanso? Kuyang'ana, kanema watalika. Mtumbira womwe uja, anthu onse achoka, mphepo yokha ikugwedeza nkhata. Kenako chithunzi chinayamba kuyenda, kuchoka pamtumbira. Woyendayo osaoneka, osalankhula. Mapazi okha, tswa, tswa, pamasamba ouma.

Tandiuzani, amachoka kumanda pomalizira ndi ndani?

Tsiku lotsatira, tii! Watuluka m'manda, ali m'kanjira, patali pakuoneka misana ya anthu. Linzakelo, tii! Wawapeza, akuwadutsa mmodzimmodzi, osapereka moni, akulunjika shati yamizeremizere. Yanga.

Ndinakhala pamwala n'kumaganiza: akamayenda chonchi tsiku ndi tsiku, ku Lirangwe afika liti? Mkazi wanga anati fufutani. Ndinati ndikafufuta ndidziwa bwanji pamene afika? Foni ndinayamba kuisunga m'khola (mbuzi zindikhululukire, sizinalakwe).

Ndinakwera minibasi dzuwa lili pamutu, mpaka pasiwa. Ndinapeza azakhali, akazi a malemu, akupeta chimanga.

"Azakhali, beseni."

"Beseni la chiyani, maliro anatha kalekale?"

"Akundilondola."

Alamu aja, amene analinso pomwepo, atamva nkhani yonse anachita kukhala pansi ndi phwete. "Alamu inu! Ndikumawonjezera pang'onopang'ono netiweki ikalola. Ndinatsalira kumanda kujambula nkhata, ndiye ndimathamangira kuti ndipeze anthu akusamba."

"Nanga shati yanga imakuitanani?"

"Pagulu lonse lija, woyenda chokhota munali inu nokha. Dikirani, chomaliza ndangochiika kumene."

Foni tii, pomwepo. Ine uyo, ndikulambalala beseni, foni pakhutu chozondoka. Abale onse a pa linki anaona, mpaka a ku Joni.

Azakhali okha sanaseke. Anakatunga madzi, n'kundithira m'manja nthawi yaitali, ngati pali chinachake chikukana kuchoka.

Chisambireni, kanema sanakulenso. Alamu akuti n'chifukwa anamaliza kuika. Ine sinditsutsa, sukulu ndinalekeza sitandade faifi. Koma m'mawa uliwonse, ndisanamasule mbuzi, ndimayamba ndayang'ana ngati watalika.