Tsiku Limene Ndinapulumutsa Thanki ya Apongozi

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo manyaziwo ndi anga. Ndikanakonda kupita nayo kumanda, koma anzanga a pa bawo kuno ku Bangwe akuifotokoza mokhotakhota, ena mpaka akuti ndinagwera m'thanki. Bodza limenelo! Sindinagweremo. Ndinalowamo ndekha, ndi makwerero, ndisanamwe ngakhale dontho.

Ine ndine Makwinja. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, koma zaka makumi anayi ndinakumba zimbudzi mu Blantyre muno. Ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, konseko kuli anthu amene m'mawa uliwonse amanjuta pamwamba pa thukuta langa, koma tikakumana pamsewu amayang'ana kumbali. Womanga nyumba amamutchula dzina. Wokumba dzenje anamuthokozapo ndani?

Komatu kale zinali bwino, abale. Ukafika pakhomo ndi piki, fosholo, chingwe ndi ndowa, mayi wapanyumba ankakuwa kuti, "Amisiri afika, tulutsani mpando!" Tiyi wamkaka ankabwera ndi chinangwa chophika. Pansi pa dzenje pankazizira bwino ngakhale mu Okutobala, ndipo ukayang'ana kumwamba unkaona kathambo kakokako, kopanda wokulamula. Tikapeza mwala, makamaka wouma mutu wa ku Ndirande uja, sitinkalira. Tinkaunjikapo matayala akale, kuyatsa moto, mwala ukapsa n'kuukhuthulira madzi ozizira. Phwaa! Ndipo lamulo la chimbudzi linali limodzi: chilichonse choyenda kapena chonunkha m'menemo, ipha. Phulusa ndi oilo wakuda wa galimoto, nkhani yatha.

Kenako kunabwera ana asukulu ndi mathanki awo, ntchito yanga n'kuyamba kuuma. Chopweteka kwambiri, mwana wanga Dalitso anakakwatira mmodzi wa iwo. Dzina lake Tiyamike, injiniya, pano timangoti amake Chisomo. Ndi mwana waulemu, sindinganame, amagwada popereka madzi. Koma ntchito yake ndi yoika masepitiki thanki amakono aja: zipinda zitatu pansi pa nthaka, kamakina kopopera mpweya, ndipo amati madzi otuluka kumapeto amayera moti n'kuthirira maluwa. Nditamva ndinaseka mpaka kutsokomola. Madzi a kuchimbudzi pa maluwa!

Sindinawafunse kanthu. Kwathu munthu ndi apongozi ake sacheza mwachisawawa. Moni, basi. Nkhani zina zonse zinkadzera kwa Dalitso.

Tsiku lina Dalitsoyo anatulukira pakhomo akupukusa makiyi a galimoto.

"Bambo, amake Chisomo akukupemphani. Apeza mwala pokumba dzenje la thanki ku Machinjiri."

"Aunyamule apite nawo ku koleji, akaufunse mafunso."

"Chonde bambo. Ndi holo yatsopano ya maukwati ya Mayi Nambewe. Chimakina chokumbira sichingalowe, njira ndi yopanikiza. Anyamata athyola kale mapiki awiri."

Ndinadzikoka masiku awiri kuti adziwe kuti sindine wotchipa. Tsiku lachitatu ndinapita. Matayala asanu, moto, madzi. Phwaa! Mwala unang'ambika pakati ngati dzungu. Anyamata anaimba m'manja, wina akujambula pa foni. Apongozi anga anaima chapatali n'kulankhula kwa amuna awo mokweza kuti ndimve.

"Muwauze bambo kuti ntchito ino ikatha bwino, akhala kapitawo wa zokumba zonse za kampani yathu. Ndiwasoketsera ovolosi yolembedwa dzina lawo kumsana."

Dzina langa kumsana! Zaka makumi anayi ndili pansi pa nthaka, tsopano anthu adzandiwerenge poyera. Tsiku limenelo bondo langa lovuta lija linaiwala kupweteka.

Thanki inamangidwa, mapaipi analumikizidwa, anathiramo madzi, kamakina kanayamba kung'ung'udza. Lachisanu masana apongozi anandiyandikira okha, Dalitso kulibe, atagwira makiyi a pageti ndi manja awiri.

"Bambo, mawa ndikupita ku Mulanje, ndikakhala milungu iwiri. Pano muyang'anire ndinu. Koma ndikufotokozereni chinthu chimodzi chokhudza zimene zimalowa m'thankimu."

Anyamata aja anasiya mafosholo n'kutchera khutu. Ine nkhope inatentha.

"Apongozi, imani pomwepo! Zimene zimalowa m'menemo ndinayamba kuzidziwa inu musanabadwe."

"Ayi bambo, n'zakuti madzulo ano kubwera..."

"Ndati basi! Munthu amakamba za kuchimbudzi ndi apongozi ake? Mukufuna anthu atiyese amisala?"

Anawerama. "Pepani bambo. Ndiwauza bambo a Chisomo akufotokozereni."

Ndinalandira makiyi n'kunyamuka nthawi yomweyo. Dalitso, mutu wodzaza mpira uja, anaiwala. Mpaka lero amakana, koma anaiwala.

Loweruka m'mawa ndinafika ndekha pamalopo. Ndinati nditsegule chivindikiro ndisirire ntchito yathu. Amayo! Ndowe. Ndowe ya ng'ombe, yaiwisi, ili yandayanda pamwamba pa madzi. Thanki yatsopano, zimbudzi za mu holo sanakhalepo munthu. Kodi ng'ombe inatsegula bwanji chitseko n'kukakhala pa chimbudzi chogejemula?

Sindinachedwe kuzindikira. Nsanje! Anthu a mu Blantyre ndimawadziwa. Kale ku Ndirande mnzanga wina anaponya galu wakufa m'dzenje langa kuti ntchito ipite kwa iye. Tsopano ena amva kuti Makwinja akukwezedwa, mitima yawawa.

Ndili chiimire, pageti panalira wilibala. Bambo wina wamfupi, wovala magambuti, ankakankha ndowe yodzaza mpaka kusefukira, akuimba mluzu.

"Mwadzuka bwanji, akuluakulu? Ndabwera ndi ulendo wachiwiri. Aa, mwatsegula kale chivindikiro? Mwachita bwino."

"Ndiye kuti ulendo woyamba unathira ndiwe?"

"Eya, dzulo madzulo, anyamata asanaweruke. Ndi yabwinotu, ya m'khola langa ku Mapanga, yosasakaniza ndi dothi."

Tamvani kunyadako!

"Wakutuma ndani?"

"A injiniya omwe, amayi aja."

Apa ndiye magazi anawira. Kuwononga ntchito, n'kuwanamiziranso apongozi anga? Munthu wa digiri, wovala magalasi, angaitanitse ndowe? Ndinanyamula fosholo. Bamboyo anasiya wilibala n'kuliyatsa liwiro, gambuti imodzi inatsala pageti.

"Aimbireni foni muwafunse!" anakuwa ali kutsidya kwa msewu.

Ine, kuimbira apongozi foni kuwafunsa za ndowe? Ndinangomuonetsanso fosholo.

Ndinavula malaya, ndinatsitsa makwerero, ndinalowa ndi ndowa, madzi akundilekeza m'chiuno. Kunena zoona, ndinasangalala. Pansi paja pankazizira ngati kale, ndipo kumwamba kunali kathambo kanga kaja, kozungulira. Ndinaimba nyimbo zonse zimene tinkaimba pokumba, zina ndinali nditaziiwala. Pofika masana munalibe ngakhale kaudzu kamodzi ka m'mimba mwa ng'ombe.

Kenako ndinapereka mankhwala a makolo. Phulusa thumba lathunthu, lochokera kwa amayi okazinga tchipisi pamsika. Oilo wakuda chigubu chimodzi, wa pagalaja. Ndinawonjezera botolo lalikulu la kolorini kuti asanene kuti ndine wachikale. Kamakina kaja kankangong'ung'udza ndi kuchita thovu popanda wogwiritsa ntchito chimbudzi, ndiye ndinakazimitsa. Magetsi si madzi a mvula. Pambali pa thanki panali kapaipi koloza kumwamba, kukamwa kuli yasa. Ndinati adani adzera pamenepa. Ndinakatseka ndi chiguduli, pamwamba n'kumata simenti.

Sindinauze munthu aliyense. Ndinkafuna ndidzaulule tsiku lolandira ovolosi, anthu adzamve kuti mkulu ndi mkulu. Dalitso akaimba foni kuti, "Amake Chisomo akufunsa ngati kamakina kakulira," ine ndinkayankha kuti, "Auze kuti zonse zili m'manja mwa kapitawo."

Holo inatsegulidwa. Munachitika msonkhano wa amayi a mpingo masiku atatu, kenako wa aphunzitsi, onse akumwa tiyi ndi thobwa mosaumira. Loweruka lachiwiri kunali ukwati woyamba, wa mwana wa mchemwali wawo wa Mayi Nambewe, ndipo ine ndinaitanidwa. Ndinavala suti yanga ya pa ukwati wa Dalitso. Apongozi anachoka ku Mulanje m'mawa womwewo n'kufikira mu holo.

Fungo linayamba anthu akudya. Poyamba ankangoyang'anana, aliyense akukayikira woyandikana naye. Mayi wina anamenya kamwana kake popanda mlandu. Kuzimbudzi kunkamveka gudugudu ngati m'mimba mwa munthu wodya nyemba zosapsa. Woyendetsa mwambo anati tiyeni panja tikajambulitse, mphepo itiombe.

Panjapo wosamalira maluwa, pofuna kuti kapinga awale pa zithunzi, anatsegula madzi oyera otchuka aja. Anatuluka akuda ngati khofi, amafuta, n'kuwaza diresi la mkwatibwi kuyambira m'maondo kutsika.

"A injiniya!" anakuwa Mayi Nambewe. "Izi ndi zimene munandilonjeza?"

Apongozi anathamangira kuthanki ndi nsapato zagogoda, ukwati wonse uli pambuyo pawo. Anatsegula chivindikiro, oilo ali nyezinyezi. Anagwira kamakina, kali zii. Anayang'ana kapaipi, anapeza simenti.

Ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinakwera pa mulu wa njerwa n'kukonza jekete.

"Tamverani nonse! Musawadzudzule apongozi anga! Adani anathira ndowe m'thankimu. Pakanapanda ine, bwenzi zitaipa kuposa apa!"

Ndinafotokoza zonse, ndikuwerenga pa zala: ndowa, phulusa, oilo, kolorini, swichi, simenti. Nditamaliza ndinaima kudikira kuti andiombere m'manja.

Amene anayankha anali ankhoswe a mkwati, bambo wamfupi wa suti yabuluu.

"Ndi amenewa! Akuluakulu inu, gambuti yanga ili kuti?"

Apongozi anagwada pa kapinga wonyowayo. Zimene ndinakana kumva pamaso pa anyamata anayi, anazikamba pamaso pa ukwati wonse.

"Bambo, pepani, koma lero mumva. Ndowe ija ndinaitanitsa ndine. M'ndowemo mumakhala tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timeneto ndi timene timadya zoipa zochokera m'chimbudzi, madzi n'kuyera. Thanki yatsopano timaiyambitsa ndi ndowe, ngati mmene amayi amathirira yisiti pophika mandasi."

"Nanga kamakina?" ndinafunsa, mawu atachepa.

"N'kopatsa tizilomboto mpweya."

"Kapaipi?"

"N'kotulutsa fungo kuti lisabwerere mu holo."

"Nanga oilo sanathandizeko pang'ono?"

"Bambo, antchito anga onse munawapha tsiku loyamba."

Kenako agogo ena kumbuyo anaika mbale pansi.

"Ine mandasi aja ndasiya!"

Ukwati wonse unafa ndi phwete, ngakhale mkwatibwi amene ankalira. Ine ndinatsika pa njerwa paja mwakachetechete. Bondo lija linakumbuka kupweteka.

Lolemba kunabwera galimoto yopopa, thanki inatsukidwa, simenti yanga inagumulidwa. Mayi Nambewe sayankha moni wanga mpaka lero. Aiwala kuti mwala uja unaswedwa ndi ndani, koma anthu ndi otero. Ukapitawo wa zokumba unapita kwa mnyamata uja ankajambula moto wanga pa foni. Luso langa la zaka makumi anayi, iye anangoliba ndi chala chimodzi.

Ndinakhala m'nyumba mlungu wathunthu, ngakhale ku bawo osapita. Kenako Dalitso anafika ndi phukusi.

"Amake Chisomo akuti analonjeza, ndipo sabweza mawu."

Ndinamasula. Ovolosi yatsopano, yonunkhira sitolo. Kumsana, zilembo zikuluzikulu zoyera: MAKWINJA, KAPITAWO. Misozi inalengeza.

"Kapitawo wa chiyani tsopano?"

"Wa tizilombo, bambo. Thanki iliyonse yatsopano ikufunika ndowe, koma mkulu wa ku Mapanga uja walumbira kuti sadzabweretsanso yekha. Akuti wofuna azikatenga." Analoza panja. "Wilibala yanu iyo."

Ndiye ndi mmene zilili. Antchito anga sindinawaonepo ndi maso, koma sanandinyozepo, kusiyana ndi anthu a mu Bangwe muno. Zaka makumi anayi ndinkadandaula kuti palibe wodziwa dzina langa. Lero ndikamakankha wilibala yodzaza kudutsa pamsika ku Machinjiri, ngakhale ana a sukulu amaliwerenga mokweza, atagwira mphuno.

Apongozi akafuna kukuuzani za kuchimbudzi, khalani pansi mumve, chifukwa manyazi a mphindi ziwiri sanunkha ngati a ukwati wonse.