A Gwero ndi Phukusi Latheka

Pepani, owerenga, kuti ndalimba mtima kulemba. Sindine mlembi ayi. Ntchito yanga ndi yoyesa mapulogalamu a kompyuta ngati akuyenda bwino, moti ngakhale chiganizo chino ndachiyesa kangapo ndisanachisiye. Koma Lachisanu likudzali tikutulutsa pulogalamu yathu koyamba a Gwero kulibe. Ntchito yawo yagwera ine, ndipo bwana alamula kuti ndiigwire mwa njira imene malemuwo akanaikanitsitsa. N'chifukwa chake ndati ndiyambe ndawakumbuka.

A Gwero ankadziwika ndi chinthu chimodzi: sankalandira kapena kupereka kanthu popanda malangizo a kapangidwe kake. Ndilongosole pang'ono, kuopa kusiya wina m'mbuyo. Pulogalamu imakhala pawiri. Pali yomangidwa kale, imene mumangoika mu kompyuta n'kuyamba kugwiritsa ntchito. Palinso gwero lake, kutanthauza malangizo onse amene anthu analemba, oti wina akhoza kuwerenga, kukonza ndi kumanganso. Yathu ndi yaulere, yothandiza masukulu kukonza ndandanda ya maphunziro, ndipo a Gwero ndiwo ankalongedza ziwirizi m'phukusi limodzi n'kugawa. Dzina lawo lenileni linangotsala m'mafayilo a ofesi.

Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina, fulashi yosungira zinthu za mu kompyuta ili m'manja.

"Bambo, mungondiikira yogwiritsa ntchitoyo."

"Mutenga zonse ziwiri, aphunzitsi."

"Inayo ine sindingaiwerenge."

"Sukulu yonse palibe wodziwa kuwerenga? Nanga mumaphunzitsa chiyani?"

"Komanso fulashiyi ndi yodzaza."

A Gwero anaitsekula, n'kuvala magalasi. "Nyimbo zachikondi zonsezi n'za kalasi iti?"

Mkulu uja anafufuta yekha nyimbozo, thukuta lili kamukamu, n'kunyamula gwero lake.

Telala wa pakona ankati akawaona akubwera, ankabisala kuseri kwa nsalu, chifukwa buluku lililonse ankalifuna pamodzi ndi pepala lodulira. Koma zoopsa zinachitika pa ukwati wa mwana wamkazi wa a Gwero. Mpeni uli pa keke, akwati akumwetulira, a Gwero anaimirira n'kuitana mayi amene anaiphika.

"Mayi, mwaikamo chiyani umu?"

"Bambo, chimenecho ndi chinsinsi cha ntchito."

"Ndiye mukadzamwalira, kekeyi idzapita nanu kumanda?"

"Iii! Mukundilodza pa ukwati?"

Akazi awo ankakoka jekete: "Abambo ake, khalani pansi, apongozi akutiyang'ana!" Sizinathandize. Pofuna kuti mwambo upitirire, mayi uja anawanong'oneza zonse kukhutu. A Gwero anathokoza mwaulemu, anatenga maikolofoni, n'kubwereza mokweza kwa anthu onse, pang'onopang'ono kuti olemba alembe. Ndamva kuti mayiyo mpaka lero sadutsa mumsewu wathu.

Ife tinkaseka, inenso ndinkaseka, ngakhale chamumtima. Kenaka tsiku lina tinalandira uthenga kuchokera kwa mphunzitsi wa sukulu yakutali, imene ana ena amaphunzira m'mawa, ena masana. Pulogalamu yathu inkasokonezeka nazo zimenezo, ife osadziwa. Iye anatsekula gwero lija, anakonza yekha, n'kutitumizira kuti masukulu ena apindule. A Gwero anazungulira madesiki onse akupukuta magalasi amene sanali akuda n'komwe.

"Mwanawe," anandiuza, "munthu ameneyu sitinamuonepo nkhope. Koma taona, ndi mnzathu wa ntchito."

Ngakhale atadwala n'kugonekedwa kuchipatala sanasinthe. Namwino ankayamba wawawerengera zolembedwa pa botolo la diripi, apo ayi mkono sapereka. Titapita kukapepesa maliro, akazi awo anatiseketsa misozi ili m'maso.

"Ana anga, bambo anuwa ankadziwa kaphikidwe ka keke iliyonse m'tauni muno, koma sanakazingepo ngakhale dzira. Ndikawafunsa kuti nanga n'zachiyani, ankati, 'Mayi, si zanga. N'za wobwera m'mbuyo.'"

Masiku ano mu ofesi muli zii. Desiki yawo ya pawindo aikapo makatoni a mapepala. Alendo amabwera ndi mafulashi, amalandira zimene apempha, n'kutuluka msanga, osakangana ndi munthu. Ntchito ikuyenda mofulumira, sindikana, koma palibe amene amatuluka akuseka kapena akutukwana, ndipo telala amasokera poyera.

Pa msonkhano wa dzana bwana anati gwero limalemetsa phukusi, ndiponso ena amangolikopera n'kumatchuka nalo. "Ugawe yomangidwayo basi, mphwanga. Zinazo tidzaona." Mwina bwana ali ndi mfundo, ndipo sindifuna kuwalakwira m'nkhani ino. Koma kwinakwake kuli sukulu imene ndandanda yake idzasokonezeka m'njira imene ife sitinaiganizire, ndipo wofuna kukonza adzapeza chitseko chokhoma.

Choncho mawa m'mawa ndikagogoda ku ofesi ya bwana, ndikawauze kuti wolongedza tsopano ndine, ndipo phukusi latheka, lopanda gwero, sinditulutsa.