Nthochi za Amayi a Mphakati

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimaphimba nkhope ndi chitenje, koma ndinena basi.

Nditatuluka m'chipatala, adokotala anandiuza mosapsatira kuti impso zanga zafooka, ndipo potaziyamu wachuluka m'magazi moti atha kuimitsa mtima. "Nthochi ayi, mapeyala ayi. Mbatata muziwiritsa n'kutaya madzi."

Tsiku lotsatira amayi a mphakati wathu wa ku Chilomoni anabwera kudzazonda. A chairlady, Mayi Semu, anatulutsa phava la nthochi, atalikulunga bwinobwino m'mpango wawo wa ku tchalitchi kuti zisaphwanyike m'minibasi. Munthu wavutika chonchi, ungamukanire?

"Ayi zikomo," ndinatero ine. "Nthochi ndiye ndimazikonda kwabasi."

Pakamwa panga!

Mbiri inawanda Chilomoni yense kuti odwala aja akungofuna nthochi. Akwaya, nthochi. Alamu anga, nthochi. Mayi Semu anachita kuitanitsa mkoko wathunthu ku Thyolo.

Nthochizo ndinayamba kumazipatsira pampanda kwa aneba anga, amake Tadala. "Tengani, koma chonde pakamwa. Zimenezi zitha kundipha."

"Osadandaula, sisi. Secret!"

Lachinayi lina amayi aja anabweranso. Mayi Semu n'kundiyang'anitsitsa.

"Taonani wawala! Nthochi zija zikugwira ntchito eti?"

"Kwambiri," ndinatero. "Sindisiya ndi imodzi yomwe."

Nthawi yomweyo: "Odi!" Amake Tadala, beseni la zitumbuwa pamutu.

"Sisi, ndamva kuti kuli alendo, alaweko! Amayi inu, musaone chonchi, bizinesi imeneyi anandiyambitsa ndi sisiwa. Nthochi zonse amandipatsa ndi iwowa, akuti pali anthu ena akufuna kuwapha nazo!"

Amayi onse anatembenukira kwa ine. 

Ndinafotokoza zonse maso ali pa simenti. Mayi Semu anatola chitumbuwa, n'kuluma, n'kutafuna pang'onopang'ono.

"Ndiye ife akupha anthufe, tizibweretsa chiyani?"

"Kabichi, amayi," ndinanong'ona. "Ameneyo adokotala anandiloleza."

Anandigwira dzanja, akuseka mpaka misozi. "Mwana iwe, tikanakuika m'manda ndi chikondi!"

Sabata yotsatira pakhonde panga panali ngati msika wa Limbe: kabichi pampando, kabichi pazenera, kabichi m'beseni lochapira. Ndili chiimire, mutu wa amake Tadala unasuzumira pampanda.

"Sisi, ameneyunso akuphani liti? Ndayambatu kugulitsa chips, salad ikusowa!"

Ukayamikira mphatso mopitirira, uzikonzeratu poiika.