Ndodo Zitatu Zachitsulo, Cholembera Palibe

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Zimalowana

Bwana Wolemekezeka,

Ndagwada pa utuchi polemba kalatayi. Ine ndine mmisiri wamba, wosema zolembera zamtengo pa makina ozungulira, wosayenera ngakhale kupukuta nsapato zanu. Koma mwana wanga akukwatiwa Loweruka likudzali, ndipo ndinamulonjeza kuti adzasainira ukwati wake cholembera chosema ine, kuchokera ku thabwa la makina osokera a malemu mayi ake. Thabwalo linatuluka tizidutswa tinayi. Mwa chisomo chanu, katsala kamodzi.

Mundilole ndikuthokozeni mwandondomeko.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mandirelo anu, ndodo yachitsulo ija timavekapo mtengo kuti uzungulire. Pabokosi munalemba kuti imalowa pa makina onse. Tsinde lake ndi la nambala 2, pomwe bowo la makina anga ndi la nambala 1. Ndinayesa mafuta, ndinayesa nyundo, ndinayesanso pemphero. Ndazindikira kuti wolakwa ndine, posunga makina osawerengedwa pa "onse". Ndodoyo sinapite pachabe, ikuchirikiza zenera.

Chachiwiri, ndodo imene ndinatenga pambuyo pake inalowa bwinobwino. Timene tinakana kulowa pandodoyo ndi timphete tanu, tija timapana mtengo uku ndi uku n'kukuonetsa polekezera kusema. Wogulitsa wanu, yemwe ife timamutcha Bwerani-Mawa, anandiphunzitsa moleza mtima kuti ndodo zilipo za mtundu A ndi za mtundu B, zosiyana ndi kamilimita kamodzi, ndipo chilembocho simuchidinda pandodo poopa kuiipitsa. Ndinasema popanda timphete, mwa maso okha, mpeni n'kupitirira mpaka kukafika pa kapaipi kachitsulo kam'kati mwa cholembera. Kachidutswa koyamba kanathera pomwepo.

Chachitatu, Bwerani-Mawa anandisinthira timphete, nandipatsa totakasuka ta B. Pofuna kundithandiza kwambiri, anandisinthiranso ndodo mwakachetechete, nandipatsa yopyapyala ya A. Timpheteto tinkavina pandodo ngati mphete ya agogo pachala cha khanda. Kachidutswa kachiwiri kanatuluka kofanana ndi dzira. Kachitatu kanang'ambika, kanauluka, n'kukatera pamphumi pa mlamu wanga, amene amabwera tsiku lililonse kudzandilangiza ntchito imene sanaigwirepo. Papita masiku asanu asanabwerenso. Apa pokha, Bwana, zikomo wanga ndi wochokera pansi pa mtima.

Chachinayi, nditadandaula munandiyankha kuti ndiwerenge kabuku ka malangizo. Ndawerenga masamba onse makumi awiri. Pali chithunzi cha munthu akumwetulira, ndi chiganizo chimodzi chakuti ndionetsetse kuti zipangizo zanga zikulowana. Pandekha sindikanaganiza zimenezo.

Tsopano kachidutswa kotsalako ndimayenda nako m'thumba la malaya. Kali ndi timizere ta singano, pamene mayi a mwana wanga ankakanda akamaganiza. Dzulo mwanayo anandiuza kuti ndisavutike, cholembera chilichonse chimalemba. Mawu amenewo andipweteka kuposa ndodo zanu zonse zitatu, chifukwa ananena akuyang'ana thumba langa. Ndikuopa kuika kachidutswako pamakina, Bwana. Kakasweka, thabwa lina kulibe.

Choncho ndikupempha modzichepetsa: munditumizire ndodo imodzi ya tsinde la nambala 1, ya mtundu A, pamodzi ndi timphete ta A, m'bokosi limodzi, mutayamba mwazilowetsa nokha ndi manja anu olemekezekawo. Ngati zimenezi n'zoposa mphamvu za kampani yaikulu ngati yanu, musade nkhawa. Takusungirani mpando wakutsogolo Loweruka. Womangitsa ukwati akadzaitanitsa cholembera, mudzaimirire inuyo, mufotokozere mkwatibwi kusiyana kwa A ndi B.

Ine wanu wosalowana ndi chilichonse,

Mmisiri wa zolembera
(wolemba ndi cholembera chapulasitiki chimene mlamu anataya pothawa)