Purosesa Yanyowani ya Dokotala

Lolemba
Kompyuta yanga ikutsokomola ngati nkhalamba. Vidiyo ya chilanga mulilo cha Memory, mwana wa ba Tembo eni nyumba yomwe ndimachita lendi kuno ku Chawama, ikukana kutha. Ndi mwambo uja akuchikazi amakapereka zakudya kwa mkamwini ukwati usanachitike. Apongozi a Memory akufuna kuionera Loweruka asanabwerere ku Chipata. Ba Tembo anena poyera: "Ukaichita bwino, na ukwati uzajambula ndiwe." Ukwati umenewo ndikuufuna ndi mtima wonse.

Vuto ndi purosesa, ubongo wa makinawa. Ndapeza ina pa intaneti, mtengo wake ngati wa tomato wamadzulo. Wogulitsa akudzitcha Dokotala wa Makompyuta. Ndamufunsa ngati ndi yatsopano. "Boss, ni yanyowani, ikali kununkila ndeke." Ndatumiza ndalama pafoni. Anzanga apite ku Kamwala akadyeredwe masuku pamutu, ine ndine wamakono.

Lachiwiri
Sinafike. Akuti wanjinga yamoto watitimira m'madzi ku Kanyama. Shopu ili pa intaneti, koma mvula ikuipezabe.

Lachitatu
Yafika. Zomwe ndalandira:
- bokosi latsopano ndithu, koma la purosesa ina
- selotepu yomatidwa mwachikondi
- purosesa yonyezimira pamwamba, ikununkha sipiriti ngati kukiliniki
- m'mphepete mwake, phala lotuwa lija timapaka kuti isatenthe, louma gwa

Ndatumiza chithunzi kwa Dokotala. "Ni ku fakitale, boss, bamaitesita." Ndiye kuti ku fakitale amadyanso vitumbuwa, chifukwa pansi pake pali chidindo cha chala chamafuta.

Lachinayi
Ndaiika. Yayaka! Ndavina pang'ono, nditatseka chitseko.

Kenaka fani ya kompyuta yayamba kulira ngati chigayo, chipinda chonse chatentha. Amake Memory asuzumira pawindo kufunsa ngati ndayatsa mbaula m'nyumba mwawo. Vidiyo imayenda bwinobwino mpaka pamene azimayi akulowa pageti pa mkamwini, mapoto ali pamutu, ng'oma zili pakati. Pamenepo kompyuta imangoti zii. Ndiyatsanso, chimodzimodzi. Azimayi aja alowa pageti tsiku lonse lero, koma mkamwini sanalawe kanthu.

Lachisanu
Ndawerenga ndemanga za makasitomala patsamba la Dokotala, ntchito yomwe anthu anzeru amachita asanalipire. Onse akuti ndi munthu wa Mulungu. Onse anajambulitsa atakhala pampando umodzi wabuluu.

Ndamupempha andibwezere ndalama. "Boss, mwaisegula kudala na kuisebenzesa. Manje ni ya salaula, ningaigulise bwanji?" Munthuyu ali ndi chikumbumtima, sangagulitse chinthu chogwiritsidwa kale ntchito. Nditayankha zomwe sindingalembe muno, nambala yake yasiya kupezeka.

Loweruka
Apongozi akhala pasofa pa ba Tembo, atavala zakutchalitchi. Vidiyo sinathe, ndiye ndabwera ndi kompyuta yonse, yotsegula m'mimba, ndi fani yakuchipinda yoipepesera. Ndikupemphera chamumtima.

Ng'oma, nthungululu, mapoto pamutu, geti. Zii.

Amake mkamwini ndiwo andimvera chisoni: "Usavutike mwana wanga, tenzeko, tiziba mwamene inasilila. Tinadya."

Ba Tembo andiperekeza mpaka pakhomo, ulemu womwe sanandipatsepo chilowereni m'nyumba yawo. Akuti ukwati adzajambula mwana wa mlongo wawo, ali ndi foni yabwino. Foni! Zandiwawa, sindinama. Ndanyamula fani yanga pakati pa ana a pabwalo, akundifunsa ngati filimu yatha.

Lamlungu
Kutchalitchi sindinapite, ba Tembo ndi dikoni ndipo amaima pakhomo.

Ndachotsa purosesa. Ndagula kabotolo ka sipiriti pakantemba, ndapukuta mpaka m'mphepete mwenimweni, momwe Dokotala anachita ulesi. Ndaigoneka papilo woyera, ndajambula, ndaika pa intaneti. Ndalemba kuti yanyowani. Ndine yani ine kuti ndisinthe mwambo wa ntchito?

Woyamba kufunsa ndi nambala yachilendo, koma dzina ndi lomwe lija: Dokotala wa Makompyuta. Sanandizindikire. "Boss, nizagula, koma bwezaniko mtengo. Iyi naiziba, imapya. Yabwelela kangati iyi! Bokosi musataye."

Ndamuuza abwere mawa. Selotepu akuti abweretsa yekha.