Tsiku Lomwe Ndinatseka Mlatho

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo ndikadakonda ikadafera m'mimba mwanga. Koma amake Lusekelo akuifotokoza paliponse, ku chigayo ndi ku kwaya komwe, n'kumathiramo mchere wawo. Bola ndiinene ndekha. Maina a akuluakulu sinditchula, ndili ndi mwana wamng'ono.

Chaka chatha mvula itangotha, ndinali ndi miyezi iwiri yokha pa ntchito ya misewu kuno ku Karonga, ndikadali pa probation, nthawi yoyesedwa. Tinkakhala pa kampu ya malata m'mbali mwa mtsinje wina, njira ya ku Wovwe. Madzi osefukira anali atapinda mlatho wachitsulo wa pamenepo, amisiri n'kuukonza, ndiye injiniya wathu, a Msiska, ankafuna kudziwa ngati walimbadi.

Mundidziwe kaye. Ine ndine wamantha chibadwire, koma Lusekelo atabadwa mantha aja anabereka ana. Liwombo lake ndinkaligwira kakhumi patsiku. Anesi atangonena kamodzi kuti chinyezi chimayambitsa zilonda, ndinakhala mdani wa chonyowa chilichonse. Thewera, mphasa, nsapato, ngakhale Baibulo la mkazi wanga, zonse ndinkatulutsa padzuwa.

"Kamwendo, iwe unafika Fomu 4, bwera udzaone," anatero a Msiska Lolemba m'mawa. "Ichi ndi strain gauge. Anthu amaoloka nyanja kukachiphunzira, iwe uchiphunzira ulele."

Ndinkayembekeza chimakina. Anatulutsa kanthu konga sitampa ya pa kalata, kokhala ndi kawaya kopindapinda, kowonda kuposa tsitsi. Anati ukakamata pachitsulo, chitsulo chikatamuka nako kamatamuka, ndipo bokosi la singano limaulula zomwe diso silingaone.

Tinalowa kunsi kwa mlatho. Ndinapala chitsulo ndi sandipepa mpaka kuwala ngati supuni yatsopano, ndinapukuta ndi sipiriti, a Msiska n'kudonthezapo guluu. Ndinakanikiza kageji ndi chala chachikulu, mpweya nditaugwira. Tinawotcherera mawaya, n'kumatira phula pamwamba. Kenaka tinamata kageji kachiwiri pa kachitsulo kena kapadera, kofanana ndi chikhatho, ndipo iwo anakakhazika pamphepete pa chitsulo chachikulu chija, mumthunzi, pafupi ndi kanzake.

"Mdani woyamba wa geji ndi chinyezi," anatero. Ndinalemba m'kope, n'kudula mzere kunsi kawiri. Apa ndiye tinagwirizana!

"Tsono kachiwirika ndi phasa lake. Ntchito yake ndi yoti..."

Nthawi yomweyo ku kampu kunamveka kulira. Ndinakuzindikira, kunali kwa Lusekelo. Njala kodi? M'mimba? Kapena chinkhanira? Mutu wanga unkagwedezera a Msiska, koma makutu anali atathamangira kunyumba.

"Wamva?"

"Yes sir!"

Tinapotoza nobu ya pa bokosi lija mpaka singano inaima pa ziro. Lole yodzaza miyala itakwera pamlatho, singano inasunthira kumanja pang'ono. Lole itatsika, inabwerera pamalo pake. A Msiska anakondwa, n'kundionetsa mizere iwiri yofiira, wina kumanja wina kumanzere kwa ziro.

"Uzilemba ola lililonse. Ikadutsa mzere wofiira, imitsa magalimoto, undiitane. Ukagwira bwino sabata ino, ndikusainira kalata yako ya ntchito yokhazikika."

Kalata imeneyo! Nyumba ya njerwa ku boma, pafupi ndi chipatala. Ndinkaiona ngakhale nditatseka maso.

Lachitatu a Msiska analawirira ku boma kumsonkhano. Ine nditafika kunsi kwa mlatho, ndinaona zoopsa. Kachitsulo ka phasa kaja kanali mame okhaokha! Ndinatsegula kope: mdani woyamba ndi chinyezi, mizere iwiri. Ndinakanyamula ngati khanda, ndinakapukuta ndi mpango, ndipo popeza waya wake unali wautali, ndinakayanika pa mwala wosalala pafupi ndi bokosi, pomwe dzuwa limafika msanga. Ndinadziyamikira ndekha. Munthu wina akadakasiya kachite dzimbiri.

Cha m'ma naini singano inali itasuntha pang'ono. Teni koloko inali pakati pa ziro ndi mzere wofiira. Dzuwa la ku Karonga mumalidziwa, limaphika dzira m'thumba. Isanakwane leveni, singano inagunda mzere wofiira, n'kuulumpha ngati mbuzi pa ngalande.

Pamlatho panalibe ngakhale njinga.

Ndinagogoda bokosi. Ndinapukuta galasi. Ndinapemphera. Singano inangopitirira. Ndinaganiza: ngati mlatho ukutamuka chonchi wopanda katundu, nanga galimoto ikakwerapo?

Ndinagubuduza migolo iwiri, ndinapingasa nsungwi, n'kuima pakati pa msewu ndi mbendera yofiira.

Oyamba kufika anali amayi osenza mpunga ndi bambo wina wa ngolo ya ng'ombe.

"Chasuzga ntchivichi, adada?" anafunsa wa ngolo m'Chitumbuka, kufuna kudziwa chomwe chavuta.

"Mlatho ukugwa!"

Anauyang'ana. Mlatho unali phee, mbalame zitaterapo.

"Ukugwa pochi?"

"M'kati mwa chitsulo. Maso sangaone, koma makina aona."

Mawu oti makina anagwira ntchito. Amayi anakwinya zitenje n'kulowa m'madzi ofika m'mawondo, akunditamanda kuti ndapulumutsa miyoyo. Chifuwa changa chinayamba kutukumuka.

Kenaka ndinamva nyimbo. Lole inatulukira pakona itadzaza amayi ovala nsalu za chipani, akupita ku boma kukayeserera magule olandirira alendo aakulu. Kutsogolo kunakhala a Tcheyamani a dera lathu, ndipo kumbuyo kunalendewera anyamata awiri a malaya ofiira.

Kuimitsa ngolo ndi nkhani ina. Kuimitsa lole imeneyo, anthu asowapo pa zochepa kuposa pamenepo.

"Iwe, chotsa vimigolo ivyo!" anakuwa a Tcheyamani.

"Pepani bwana, mlatho suli bwino."

"Mlatho wa boma suli bwino? Ukuti boma lamanga chinthu choola?"

"Ayi bwana! Boma lamanga bwino zedi. Chitsulo ndiye chikuchita mwano."

"Khadi la chipani uli nalo?"

Ndinatulutsa makhadi atatu: langa, la mkazi wanga, ndi la Lusekelo lomwe. Ndinakuuzani kuti ndine wosamala. Anawatembenuza, osapeza chifukwa, ndiye anatsika nane kukaona bokosi. Amayi onse anatsika nawo.

"Kasingano aka ndiko kakuimitsa chitukuko?"

"Kadutsa pofiira, bwana. Lole ikakwerapo, amayi onsewa akhoza kuthera m'madzi."

Amayi anangoti "Chiuta wane!" n'kubwerera m'mbuyo. A Tcheyamani anapukuta thukuta. Ankaopa kuchedwa, koma ankaopanso kukafotokoza ku boma kuti amiza gule wathunthu.

"Tamvera, mnyamata. Ngati ukunena zoona, ndikakutchula pamsonkhano. Ngati ukunama, ukafotokoza wekha kuti anakutuma ndani." Anyamata a malaya ofiira anandiyandikira, wina uku wina uku, ngati operekeza mkwati.

Ndiye kunatulukira amake Lusekelo, mwana kumsana, ambulera m'manja. Linali tsiku la sikelo, ndipo chipatala chathu chaching'ono chili kutsidya.

"Bambo a Lusekelo, tadutsa ife."

"Simudutsa!"

"Ine ndi mwana tikulemera kuposa lole ya miyala ija?"

"Makina akana, amake mwana. M'madzinso ayi, mungaterereke naye."

"Ndiye tiuluke?"

Amayi a chipani anaseka. Mkazi wanga anandiyang'ana momwe amandiyang'anira ndikamadzutsa mwana kuti ndione ngati akugona bwino, n'kukakhala pansi pafupi ndi bokosi. Lusekelo, poona kuti anthu asonkhana, anachita zake. Mayi ake anamusintha, anatsukuluza thewera mumtsinje, anafinya, n'kuliyanika pa mwala wosalala womwe unali pafupi.

Ine sindinaone. Maso anga anali pa singano. Ndipo singano ija inanjenjemera, n'kuyamba kubwerera! Pang'onopang'ono inaoloka mzere wofiira, ulendo wa ku ziro.

"Bwana! Bwana! Mlatho ukuchira!"

"Wachira bwanji?"

"Wapuma, bwana. Chitsulo chimatopa ngati munthu. Tachipatsa mpata, ndiye mphamvu zabwerera." Ndinalankhula ngati ndinalemba ndine buku lake.

Amayi analulutira. Dalaivala analiza injini. Ndinayamba kugubuduza mgolo woyamba. Mkazi wanga naye anati tinyamuke, anatola thewera lake n'kulikoleka pa ambulera.

Ndisanagwire mgolo wachiwiri, mnyamata wa malaya ofiira anakuwa kuchokera ku bokosi: "Kayambiranso!"

Ndinathamanga. Singano inali ikukweranso. Ndinabwezera mgolo. Dalaivala anazimitsa injini n'kutukwana m'Chiswahili. Mkazi wanga anapuma mozama, anakhalanso pansi, n'kubwezera thewera pamwala.

Singano inatsika.

Amene anazindikira anali mayi wina wachikulire, mtsogoleri wa nyimbo. Ananyamula thewera, tonse tikuyang'ana. Patapita kanthawi singano inakwera. Analibwezera. Inatsika. Anabwerezanso kachiwiri.

"Amama," anatero kwa mkazi wanga, mwaulemu waukulu, "mwana uyu ngwa mtundu uli?"

Anthu anayamba kumusuzumira Lusekelo. Wa ngolo uja anavula chipewa. Ine mutu unazungulira: Fomu 4 yonse, sayansi yonse, palibe pomwe anatiuza kuti thewera limagwira mlatho.

Apo ndi pomwe a Msiska anafika. Anasiya galimoto kutsidya kumbuyo kwa mzere wa magalimoto omwe anaima ataona mbendera yanga, n'kuoloka pamlatho wapansi, akuimba mluzu, ine ndikukupiza mbendera kuti abwerere. Anamva nkhani yonse, anayang'ana singano, kenaka anatsatira waya ndi maso mpaka pamwala. Anatukula thewera ndi zala ziwiri. Kunsi kwake kunali kachitsulo kanga. Anakasiya kanthawi padzuwa, anakagwira, n'kuchotsa dzanja msanga.

"Kamwendo. Phasa lafika bwanji pano?"

"Linanyowa ndi mame, sir. Ndinaliyanika."

"Unaliyanika."

"Munati mdani woyamba ndi chinyezi."

"Nanga phula tinamatira la chiyani? Ndipo mdani wachiwiri ndinati ndani?"

Ndinatsegula kope. Pansi pa mizere iwiri ija panali poyera.

Anafotokoza mokweza kuti onse amve. Chitsulo chikatentha chimatamuka chokha, popanda katundu. N'chifukwa chake mageji amakhala awiri malo amodzi: wina amamva katundu ndi kutentha, phasa limamva kutentha kokha, bokosi n'kuchotsera. Ine ndinasiya wina mumthunzi, wina n'kumuwotcha pamwala. Thewera lonyowa linkangoziziritsa kachitsuloko.

"Komanso tandiuza, lole ya miyala ija inakankhira singano mbali iti?"

"Kumanja, sir."

"Lero yapita kuti?"

Ndinayang'ana. "Kumanzere."

"Ndiye malinga ndi iwe, mlathowu sukugwa. Ukukwera kumwamba!"

Kuseka komwe kunabuka pamenepo, ndikhulupirira kunamveka mpaka ku Songwe. Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. A Tcheyamani okha ndiwo sanaseke.

"Ndiye watichedwetsa dala. Anyamata!"

Ndinaona nyumba ya njerwa ija ikusungunuka. Ndinayang'ana Lusekelo, akuyamwa chala osadziwa kuti bambo ake akupita.

"A Tcheyamani, dikirani," anatero a Msiska. "Lamulo ndinamupatsa ndine: ikadutsa pofiira, tseka. Mnyamata uyu amaopa ngakhale nkhuku, koma waima kutsogolo kwa lole yanu kuti amayi athu asavulale. Kupusa ndimuchotsa ndekha, sabata imodzi yokwana. Koma mtima woterowo sindingaugule kusitolo. Mukakanena ku boma kuti munayamba mwaonetsetsa chitetezo cha amayi, ndani akakudzudzuleni?"

A Tcheyamani anaganiza. Mawu oti chitetezo cha amayi anawakomera, anawabwereza kawiri chapansipansi. Anakweza dzanja, anyamata aja n'kundisiya.

A Msiska anabwezera phasa mumthunzi pafupi ndi mnzake, tinadikira lizizire, singano n'kukhazikika pa ziro ngati sinalakwepo. Ndinagubuduza migolo. Amayi anakwera, n'kuyambitsa nyimbo yatsopano yomwe munali dzina langa ndi mawu oti kuyanika. Mkazi wanga anatambasula dzanja kuti atole thewera lake.

"Amama, lekani!" anakuwa a Tcheyamani ali pawindo. "Za injiniya ndamva zonse, ndipo nzoona. Koma thewera likhale pomwepo mpaka tiwoloke!"

Linakhala pomwepo. Lole inaoloka bwinobwino, ndipo mpaka lero kuli anthu ku Wovwe omwe simungawauze kuti mlatho unalimba wokha popanda thewera.

Kalata ija a Msiska anasaina mwezi wotsatira, atandilembetsa kakhumi zomwe phasa limachita. Pano mageji ndimamata ndekha, ndipo tili m'nyumba ya njerwa. Kungoti pa ntchito palibe amene amanditchula Kamwendo. Ngakhale mamesenjala amati, "Mwadzuka bwanji a Thewera?"

Phunziro ndinalitola: mwana akalira aphunzitsi ali pakati pa chiganizo, funsaninso, chifukwa si chonyowa chilichonse chimafuna dzuwa.