Chipande Chomaliza

Usiku watha ndinalota ndasanduka gogomole, anzanga, ndipo musafulumire kuseka. Mlomo wangawu unatalika n'kuuma ngati tchizulo, ndiye ndakakamira pa mtengo wouma wa mbawa, dzuwa lili paliwombo, ndikugoba mphako yoti ndizigonamo. Palibe anandiphunzitsa. Go, go, go, mpaka ubongo kuwira.

Mtengowo n'kuti, "Pang'onopang'ono, Yotamu. Sabata yachitatu ino ukundiboola nthiti."

Ndiye ndatsala pang'ono kumaliza, mwadzidzidzi kwatera alamu anga a Gelesomu, amuna awo a achemwali, nthenga zosita bwinobwino. Anajompha kamodzi kokha, kachipande konga chikhadabo, n'kulowa m'mphakomo, n'kusuzumira kunja.

"Mlamu, mwagwira ntchito," anatero. "Kungoti khomo mwachepetsa."

Ndinapsa mtima mpaka nthenga kuima. Ndiye ndangopezeka pa nthambi yapamwamba, pali tebulo, pakhala mkulu wa komiti ya mtengowo atavala jekete. Ndikuyamba kudandaula, jekete lija likumera mamba, mwadzidzidzi munthu yense uja ndi gulo, akugwedezera mutu ine, kugwedezeranso alamu.

"Mwambo wa agogomole ndi wakale," anatero gulo. "Mphako ndi ya amene wachotsa chipande chomaliza."

"Nanga zipande zonse ndinachotsa ine zija?"

"Zili pansipo. Katoleni, palibe akukulandani."

Chidindo cha patebulo chinalumpha n'kundidinda pamphumi. "Pepani achimwene," chinanong'ona, "ine ndimangotera pomwe andiponya."

Ndiye ndauluka kubwerera, ndikupeza achemwali anga a Esinati, amene tinayamwa bere limodzi, atakhalira kale mazira atatu m'mphako mwanga, osandiyang'ana n'komwe.

"Iwe ulibe banja," anatero. "Nthambi zonsezi sizikukwanira?"

Apo ndinaona mdima. Ndinatsikira patsinde n'kuyamba kugogoda ngati wamisala, kuti mtengo wonse ugwe, gulo ndi tebulo lake, tisowe pogona tonse. Mtengo unayamba kupendekeka, ndiye ukundiuza mosakweza mawu, "Gwetsa, Yotamu. Koma mazira ali m'mwambawo ndi mbumba yako. Adzakutchula kuti malume."

Mlomo unandiumira m'malere. Ndinasiya. Koma chodabwitsa, kugogoda kuja sikunasiye. Go, go, go, ine mlomo uli chikhalire.

Ndinadzidzimuka ndili pamphasa m'khitchini, momwe ndakhala ndikugona podikira kuti simenti iume m'chipinda changa, chija ndinaumba njerwa ndekha, kumanga ndekha, kufolera ndekha kuseri kwa nyumba ya amayi. Kunja kwayera. Ndikutuluka, alamu a Gelesomu ali pa chitseko cha chipindacho, hamala m'manja, akukhomerera loko yatsopano, matiresi awo atatsamiritsa pakhoma.

"Mwadzuka, mlamu?" anatero, kiyi ali kukamwa. "Panangotsala kamsomali kamodzi. Ndakumalizirani."